Ukwati Umene Unatsalira ku Turkey

Ukwati wathu unathera pafoni. Inali nthawi ya kolona, makhoti a ku Dubai atatseka zitseko, milandu ikuweruzidwa pavidiyo. Ndinakhala pabedi m'chipinda ku Karama, mu Dubai momwemo, mwana ali pamiyendo, foni nditaitsamiritsa kubotolo la madzi. Pagalasi panali jaji, womasulira, bambo a mwana wanga, ndi ine. Ine ndimachita manyazi ngakhale pamaso pa anthu a kwathu, nanji jaji. Atandifunsa ngati ndavomera, ndinangoti eya. Nkhope zija zinazima imodziimodzi, n'kutsala yanga.

Bambo a mwanayo anali a ku Turkey. Ankawotcha nyama palesitilanti pamene ine ndinkatsuka mbale. Sanali munthu wankhanza, koma m'nyumba tinkangopenyana, aliyense ndi chilankhulo chake. Ukwati tinakalembetsa kwa kazembe wa dziko lawo, wopanda ankhoswe. Mlandu utatha anati akapereka okha pepala la khoti kwa kazembeyo, kuti kwawo adziwe kuti tasiyana. Lesitilanti inatsekedwa, ndipo ndege zitayambanso kuuluka anapita kwawo.

Ndinatsala ndikukhala ndi mayi wina wa ku Chipata, amene ankachapa zovala kuhotela asanamuimitse ntchito. Ndinkamutcha asisi.

Patapita miyezi, masana ena, anandiimbira mlamu wanga, mlongo wawo wa bambo a mwana. Ndi yekhayo m'banja mwawo amene ankadziwa Chingelezi. Anati achimwene ake amwalira ndi kolona ndipo aikidwa kale. Ndisanapeze mawu, anapitiriza.

"Ku ofesi atiuza kuti wasiya mkazi. Mkaziyo ndiwe."

"Tinasiyana," ndinatero. "Pepala ndili nalo."

"Kumeneko munasiyana. Kuno ayi."

Anandifotokozera pang'onopang'ono. Dziko lawo silimangomva za khoti la dziko lina. Chigamulo chimayenera kudindidwa, kumasuliridwa m'chilankhulo chawo, n'kukalembedwa m'buku la mabanja, kapena jaji wa kumeneko achivomereze. Achimwene ake sanachite chilichonse. Tsopano poti mwini wake wapita, pafunika loya ndi mlandu wina, ndipo makhoti akuyenda mochedwa chifukwa cha matenda. Kufikira pamenepo, ine ndine wamasiye wawo.

Sindinadziwe ngati ndilire. Munthu umalira bwanji mwamuna amene unasiyana naye jaji akuona?

Bambo a mwana anali ndi chizolowezi cha kwawo, chothira m'manja madzi onunkhira mandimu akamalowa m'nyumba. Botolo anapita nalo. Koma kuyambira sabata imeneyo, dzuwa likapendeka, nthawi imene ankabwera kudzapuma, fungolo linkafika pakhomo. Mwana ankasiya zidole, n'kukaima kuchitseko, mutu ataukweza ngati akuyang'ana munthu wamtali. Sankalira. Ndikatsegula, m'khonde munali zii, nsapato za anthu zokhazokha zitandandalika pamakomo.

"Ndi sanitaiza wa Mafilipino a pakhomo linalo," anatero asisi. "Iwe mantha ako. Munthu anakukana ali moyo, akufunenso atafa? Ndiwe wotsekemera ngati shuga kapena?"

Anaseka, koma bedi lawo analikokera kutali ndi chitseko.

Ndinaimbira amayi kumudzi. Anamvetsera osandidula.

"Mwanawe, anakusudzula ndani?"

"Jaji, amayi."

"Jajiyo ndi m'bale wake?"

Kwathu mwamuna akamwalira, abale ake amakhala pansi ndi mkazi, n'kumuuza kuti pita, sitikugwiranso. Popanda zimenezo mkazi amakhalabe m'manja mwa malemu.

"Ngati kwawo akuti ndiwe mkazi wake, nayenso kumene aliko akudziwa choncho," anatero amayi. "Pempha apongozi ako akumasule. Za loya zibwere pambuyo."

Apongozi anga ndinali ndisanalankhule nawo chiyambire. Ndinkangogwedeza dzanja pavidiyo, n'kuthawira kukhitchini. Ndinazengereza masiku angapo, mwana akuimabe kuchitseko. Kenako ndinapempha mlamu kuti andilumikize nawo.

Anaonekera atafunda mpango wakuda, maso atatupa. Ndinafotokoza mwambo wa kwathu m'Chingelezi changa choduka, mlamu akumasulira. Apongozi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana mwana, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Akuti sangathe," anatero mlamu. "Akuti sanakukwatire ndi iwo. Mwana wawo akanafuna kukuchotsa m'buku akanapita nalo pepala lija, nthawi anali nayo. Akuti pepalalo analipeza m'thumba la jekete, litapindidwa."

Ndinasendera pafupi ndi foni.

"Ndiye andimasula ndani?"

Mlamu anafunsa. Apongozi anayankha mwachidule.

"Akuti umuuze wekha mwini wakeyo."

Lachisanu lotsatira foni inalira masana. Asisi anatenga mwana n'kukhala naye pabedi. Pagalasi ndinaona nsapato za mlamu zikuponda timiyala, kenako mitengo yaitali yowonda, kenako manda atsopano ambirimbiri, mizeremizere, ena opanda ndi mwala womwe. Panalibe munthu wina. Mlamu anaima pa mtumbira wina wa dothi lofiirira, n'kutsitsa foni mpaka dothi linadzaza galasi lonse.

"Lankhula," anatero, mawu akuchokera kumbuyo kwa masiki. "Ine ndiyang'ana kumbali."

Ndinayamba m'Chingelezi, mawu n'kundithawa. Ndiye ndinalankhula Chichewa, chimene iwo sanachimvepo ali moyo.

"Bambo a mwana, ndine. Pepani kuti sindinabwere kumaliro. Pepala lija simunapereke, sindikudziwa chifukwa chake, ndipo sindikufunsani. Mwana ndimusamala, dzina lanu alidziwa. Koma ine si mkazi wanu. Munavomera nokha, ndinakumvani. Ndisiyeni."

Ndinadikira, sindikudziwa chimene ndinkadikira. M'foni munkangomveka mphepo. Kanyerere kanadutsa padothi, kenako chithunzi chinauma, osasunthanso. Ndinaganiza kuti netiweki yathawa, koma mphepo inkamvekabe, ndipo mkati mwa mphepoyo munali kupuma, kwapang'onopang'ono, pafupi kwambiri ndi foni. Mwina anali mlamu. Ndinayang'ana asisi. Sankaseka.

Kupuma kuja kunasiya, chithunzi n'kuyambanso kuyenda. Mlamu anaonekera ali chapatali ndithu, akubwera kuchokera kumpopi ndi chigubu cha madzi othirira manda. Foni anali ataisiya pansi, ataiyedzeka kumtumbira.

Anawerama n'kuitola.

"Watha?"

"Khalas," ndinatero, mmene amanenera ku Dubai chinthu chikatha.

"Wakuyankha?" anafunsa, ndipo sindinadziwe ngati akuseka, chifukwa pakamwa panali pobisika.

"Eya," ndinatero, n'kudula foni.