Minda Imene Ndinafufuta pa Phiri la Kwathu

Maganizo ochoka anandifikira ndili pa mpando wa pulasitiki m'kashopu ka a Makwinja pa Boma, ndikuchotsa ziphuphu pankhope ya mkwati. A Makwinja anali bambo wa ku Thyolo amene anabwera ku Chitipa ndi makina ofotokopa, ndipo ine ndinali wowagwirira ntchito pa kompyuta: makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, masatifiketi a kwaya. Abale a mkwatiyo ataona chithunzi anawaombera m'manja a Makwinja, iwo n'kulandira ulemuwo ndi manja awiri ngati amadziwa ngakhale poyatsira kompyuta. Ndinayang'ana fumbi lofiira limene linadzaza pa kiyibodi, ndinati basi, manja angawa akadyere kwina.

Ndinapalasa njinga mpaka kwathu ku Chisenga kukatsanzika. Amayi ndinawapeza kuphiri akuunjika nthambi. Kwathu mawere timalima mwa visoso. Umatema mitengo cha m'chiuno pa kachigawo kamodzi, nthambi n'kuziunjika, zikauma n'kuzitentha mvula ili pafupi, ndipo m'phulusamo ndi momwe umafesa. Ukakolola kamodzi kapena kawiri malowo umawasiya agone, zitsa ziphukire, iwe n'kusunthira patsogolo. Umadzabwererapo mwana amene anabadwa chaka chimenecho atayamba kale sukulu. Munthu wodutsa amaona tchire. Mwini wake amaona tsala la munda wake, ndipo chitsa chilichonse amadziwa amene anachitema.

"Ukuluta nkhu?" anandifunsa m'Chitumbuka, osatula n'komwe nthambi imene ananyamula.

"Ku Joni, amama."

"Kulibe mawere kumeneko. Ukadya vichi?"

"Ndikadya ndalama."

Sanaseke. Anangondiuza kuti ndigwire mbali ina ya nthambiyo, popeza ndinali ndisanapite.

Kwa eni kulibe mkuwe. Zaka ziwiri zoyamba ku Joni, ine katswiri wa kompyuta wa pa Boma ndinali wokolopa. Mnzanga wina wa ku tchalitchi anandipezera malo pa kakampani kopanga zithunzi za malo amene sanamangidwe: munthu akafuna kugulitsa mapuloti kapena hotela imene idakali m'mutu mwake, ankabwera kwa ife kuti timujambulire. Ndinkakolopa mochedwa dala kumbuyo kwa anyamata a pa makompyuta, maso ali pa sikirini. Pamakhala chinthu chotuwa, chathyathyathya ngati mphasa. Munthu amakoka ndi mausi, phiri n'kudzuka. Akakanikiza, chigwa. Amatha kulamula pulogalamuyo kuti igwetse mvula ya zaka zambirimbiri nthawi imodzi, ndipo madziwo amakumba mitsinje ndi zigwembe uku ukuona. Kenaka amadzala udzu, miyala ndi mitengo pongopaka ngati akupenta khoma, n'kusankha pamene dzuwa liime. Makina amatha theka la tsiku akuphika chithunzicho, koma chikapsa ungalumbire kuti munthu anapitako ndi kamera.

Mwini kampani, bwana Riyani, anandipeza tsiku lina nthawi ya nkhomaliro nditakhala pa kompyuta ya munthu wina, chokolopera chitatsamira khoma. Ndinati ntchito yatha. Koma iye anangoyang'ana kaphiri kamene ndinawumba, n'kundifunsa chifukwa chimene mitengo yanga inali yothithikana m'zigwa ndi yapatalipatali pamwamba. Ndinati ndi mmene imamerera. Sabata yotsatira anandipatsa desiki, koma malipiro anatsala pafupi ndi a chokolopera.

Ndalama zinayamba kupita kwathu pa basi, pamodzi ndi mabulangete. Nyumba ya amayi inavala malata. Ku chigwirizano cha azimayi a ku tchalitchi, amayi ankanena kuti mwana wawo amawumba mapiri ku Joni, anzawo n'kumaseka kuti ndiye kuti walanda ntchito ya Chiuta. Ine sindinkawauza kuti m'minibasi ndinkakhala chete ngati wosalankhula kuopa kuti lilime lingandigulitse, kapena kuti panali masabata amene munthu yekhayo wonditchula dzina langa lenileni, Wongani, anali mlongo wanga Tiwonge pa foni.

Lamulungu linali tsiku loipa kwambiri. Ndikatuluka m'tchalitchi ndinalibe kopita, choncho ndinkabwerera ku ofesi n'kumapanga mitengo ya kwathu. Pulogalamu ija inabwera ndi mitengo yake ya mayiko a azungu, yowongoka ngati asilikali. Munalibe msuku, munalibe mtondo, munalibe mombo. Ndinkatuma Tiwonge kuti andijambulire masamba, makungwa ndi mmene nthambi zimapindikira, ndipo iye ankakwera pa chulu kusaka netiweki kuti anditumizire.

"Kodi achimwene," anafunsa tsiku lina, "masamba mukuitanitsawa mukumadya?"

Ndinawumba msuku woti munthu wa kwathu akauona mate adzadza m'kamwa. Bwana Riyani anandisisita paphewa, nati mitengo yangayo ilowe m'nkhokwe ya kampani. Ndinakondwa. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Chaka changa chachisanu ndi chiwiri kunabwera ntchito ya kampani ina yofuna kutchinga nkhalango ndi mpanda, kumangamo malo ogona alendo, ndi kukopa anthu a ndalama kuti aikemo chuma chawo. Anatitumizira zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba ndi mapu a kutalika kwa nthaka. Nditazilowetsa m'pulogalamu, mphasa yotuwa ija inayamba kutupa, ndipo isanathe n'komwe ndinali nditaimirira. Kumbuyo kunali mapiri a Mafinga. Kutsogolo kunali phiri lathu, ndi mtsinje umene umakhota kawiri usanafike pa dambo. M'mbali mwa phirilo munali timadontho titatu takuda, visoso vya chaka chimenecho. Kadontho kapakati kanali ka amayi.

Bwana Riyani anaika chala pa sikirini. "Zipsera izi fufuta. Ndi tinjira iti."

"Bwana, imeneyi ndi minda. Ndikukudziwa kumeneku, ndi kwathu."

"Ndiye bwino, uchipanga chenicheni. Koma kasitomala akugulitsa nkhalango, sakugulitsa minda. Ndi chithunzi chabe, sikuti tikusamutsa munthu."

Chitupa changa chogwirira ntchito chinali pafupi kutha, ndipo wosayina anali iyeyo. Ndinganene zimenezo, ndipo ndazinena kambirimbiri kwa ine mwini. Koma choona ndi chakuti ndinameza mawu, n'kukhala pansi. Kufufuta munda wa amayi kunanditengera nthawi yochepa kuposa kumwa tiyi. Pamalopo ndinadzalapo misuku ndi mitondo yanga yomwe ija, yopangidwa ndi masamba amene Tiwonge anakwerera chulu. Ndipo ndinagwira ntchito yabwino, ndicho chimandiwotcha mpaka lero. Mzungu akanadzala mitengo yachilendo, aliyense akanaona bodza. Ine ndinanama ndi mitengo yoona.

Panapita chaka. Tsiku lina Tiwonge anatumiza uthenga wa mawu, akulankhula mothamanga, Chitumbuka ndi Chichewa zikupondana. Anati kwabwera anthu a galimoto zoyera, akhoma zikhomo zopakidwa penti yofiira kuzungulira phiri lonse, tsala la amayi lili mkati, ndipo kudzakhala msonkhano pa bwalo la sukulu. "Abwera ndi chithunzi chachikulu, achimwene. Chokongola chomene. Mulibe munthu."

Sindinatsanzike bwana Riyani. Ndinakopera mafayilo, n'kukwera basi.

Chithunzicho ndinachiona ndidakali pa msewu. Anachisindikiza pa chinsalu chachitali kuposa khoma la kalasi, n'kuchimangirira pa mapolo awiri. Anthu anali atakhala pa udzu akuchiyang'ana, kumbuyo kwake kuli phiri lenilenilo. Amayi anakhala kutsogolo pakati pa anzawo, ndipo anali atachepa thupi kuposa mmene ndinawasiyira. Woyankhula anali bambo wa jekete wochokera ku Lilongwe, wa Chichewa chosalala ngati cha pa wailesi.

"Makolo anga, onani nokha," anatero. "Malo amenewa ndi nkhalango yachilengedwe. Palibe amene akulimapo. Ife sitikulanda munda wa munthu, tikungosamala zimene Mulungu anakupatsani. Chithunzi sichinama."

Ndinaimirira ndi ukali.

"Chimanama, bambo. Chithunzi chimenecho ndinapanga ndine, ku Joni, pa kompyuta. Mitengo imeneyo sinamere, ndinaidzala ndi mausi. Pamene pali msuku waukuluwo panali munda wa amayi anga, ndipo ndinaufufuta ndekha."

Ena anaseka, poganiza kuti ndi matama a munthu wobwera kumene kuchokera kunja. Kenaka kusekako kunazima, mitu yonse n'kutembenukira kwa amayi. Iwo sanandiyang'ane. Ankangokanda chidendene ndi kamtengo.

Bambo wa jekete sanagwedezeke. Anamwetulira ngati ndamuthandiza.

"Achimwene, zikomo. Ngati pali minda, ioneka. Mwezi wa mawa tibwera ndi kandege kojambula kuchokera kumwamba. Pamene pali munda sitikhudzapo. Pamene pali mitengo, imeneyo ndi nkhalango. Si chilungamo chimenecho?"

Anthu anang'ung'udza, koma palibe amene anapeza poigwirira nkhaniyo. Ine ndinaona ngati ndapambana. Uchitsiru wa munthu wophunzira ulibe mankhwala.

Titafika kunyumba amayi anati nditsegule kakompyuta kanga pakhonde, ndiwaonetse chithunzi choyambirira, chisanafufutidwe. Ndinawaonetsa timadontho titatu takuda tija, ndikunyadira ngati ndabweretsa umboni wa kukhoti. Analoza pa sikirini ndi chala.

"Aka ndi kanga. Aka ka a Sichali, oyandikana nafe. Nanga tsala lili nkhu?"

"Silioneka, amama. Kuchokera kumwamba limaoneka ngati nkhalango."

"La adada ako, lija tasiya zaka zisanu ndi chimodzi?"

"Silioneka."

"Ndiye choona chakochi chikutisiyira kamunda kamodzi. Bodza lako linatenga phiri lonse."

Sanakweze mawu. Bola akanangondimenya ndi mtengo.

M'mawa mwake ndinadzutsidwa ndi nkhwangwa. Si imodzi kapena ziwiri ayi, phiri lonse linkalira. Mabanja onse anali atakwera, aliyense ku tsala lake, akutema chigawo cha chaka chino, cha chaka cha mawa, ngakhale chimene chinayenera kudikira ana amene adakali kumsana. Anamumva bwino bambo wa jekete uja, kuposa mmene ndinamumvera ine: pamene pali mitengo si pathu. Ndinathamanga uku ndi uku ngati wamisala, ndikuwachonderera kuti adikire, ndilemba makalata, ndipita ku Boma, ndipeza loya, ndifotokoza m'Chingerezi tanthauzo la tsala. A Sichali, mkulu amene munda wake unachita malire ndi wathu, anapukuta thukuta ndi chipewa n'kundiyang'ana kuyambira ku nsapato.

"Iwe mwana, unalemba kale. Tenga nkhwangwa."

Ndinaitenga. Manja anga a mausi anatuluka matuza tsiku loyamba, anaphulika lachiwiri. Ndinatema misuku yeniyeni, ina yake mwina yomwe ija Tiwonge anandijambulira, ndipo pa chitsa chilichonse ndinkatukwana: bwana Riyani, bambo wa jekete, anthu a ndalama amene amakonda mitengo yathu bola ife tisakhalepo, ndi ine ndemwe koposa onse. Nthambi zitauma tinatentha. Utsi unaphimba Mafinga masiku atatu.

Kandege kaja kanabwera monga analonjezera, kakulira ngati njuchi pamwamba pa phiri lakuda bii. Bambo wa jekete anayang'ana pa kasikirini kake, n'kupukusa mutu.

"Anthu inu mulibe chikondi ndi chilengedwe," anatero.

Ndinafuna kumulumphira pakhosi, a Sichali n'kundigwira lamba. Zikhomo zofiira zija anthu a galimoto zoyera aja anabwera kudzazizula okha. Ndamva kuti chithunzi changa akuchigwiritsabe ntchito kwina, angosintha dzina la phiri.

Ku Joni sindinabwerere. Pano ndili ndi kashopu kanga pa Boma, ndikupanganso makadi a ukwati, ndipo pulogalamu ya mapiri ija sindinaitsegulenso. Anthu amati ndinachita chamuna kuimirira pa msonkhano paja. Amene amatero sanapite kukaona phiri mvula itagwa. Chaka chimenecho tinakolola mawere oti nkhokwe zinachepa, mowa unaphikidwa nyumba iliyonse. Koma mvula inapeza phiri lili maliseche. Inakumba zigwembe zoti munthu amalowamo mpaka m'khosi, mtsinje n'kufiira ngati magazi a mbuzi, ndipo zitsa zambiri sizinaphukirenso.

Chilimwe chotsatira ndinapita kukathandiza amayi, nthawi yotema visoso itakwana. Tinakwera limodzi, iwo patsogolo ndi nkhwangwa paphewa monga mwa chizolowezi chawo. Tinafika pamwamba, n'kuima. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, kumene kunali miyala, udzu wouma ndi zitsa zakuda mpaka kumalire.

"Malo ngathu nadi, Wongani, palibe wotilanda," anatero, akutsitsa nkhwangwayo pansi. "Tsono ndiuze, iwe wodziwa kudzala mitengo. Chaka chino titema pati?"