Phala la Achemwali Anga

Dzulo mwana wanga anapsereza phala la mpunga, ndipo fungo la mkaka wogwira pansi pa poto linandibweza kwathu ku Nkhulambe.

Kwathu phala lotere tinkalidya pa Khirisimasi pokha. Koma tsiku lina wamba amayi anasinja mpunga, nauphika mpaka kufeweratu, nathiramo mkaka, shuga ndi nsinjiro. Linali la achemwali anga a Esinala, amene anali atagona pamphasa sabata yathunthu osadya. Ine ndinaona ngati kudwala ndi mwayi.

Amayi atapita kumjigo, ndinakhala pafupi ndi mbale ya phalalo ndikumeza malovu.

"Idya iwe," anatero achemwali motsitsa mawu. "Ine pakhosi sipakudutsa kanthu. Koma usawauze amayi."

Ndinalidya lonse likadali lofunda, mpaka kunyambita supuni.

Amayi pobwera anapeza mbale ili mbee. Anatula ndowa, nayamba kuseka misozi ili m'maso.

"Bambo ake, mwana wadya! Njinga ija kabwezeni, kuchipatala sitipitanso lero."

Bambo anakabwezadi njinga imene anabwereka m'mawa. Ine ndinadzimva wamkulu chifukwa chosunga chinsinsi.

Patapita masiku awiri, achemwali anamwalira ataberekedwa kumbuyo kwa bambo, panjira ya kuchipatala. Pamaliro amayi ankauza aliyense wobwera kudzapepesa kuti, "Komatu anadya, mbale yonse anamaliza."

Anakhala akunena mawu omwewo mpaka ukalamba wawo, ndipo ine ndinawaika m'manda ndisanapeze tsiku lowauza amene anadya phalalo.