Dzanja Losafika Pakamwa

Ndikukumbukira mtengo wa bwemba womwe unali kuseri kwa madrasa kwathu ku Malindi. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mtsikana wosamva, wokwera mitengo kuposa anyamata. Tsiku limenelo nthambi inathyoka. Ndinafikira dzanja lamanja, m'chigongono munalira kuti khu, ndipo podzuka mkono unali utaloza kwina, bwemba akadali m'kamwa.

Amayi anafuna kuthamangira nane kuchipatala, koma kwathu mwana ndi wa amalume. Amjomba Saidi, mlongo wawo wa amayi, anakanitsitsa.

"Kumeneko akamudula mkono. Ine mwana wa m'mbumba mwanga sindimupereka kumpeni."

Anaitana bambo wina wakumtunda, katswiri wolunzanitsa miyendo ya mbuzi. Anandikoka mkono mpaka ndinadzikodzera, ananditema mphini, anapaka mankhwala akuda onunkha utsi, kenako anaumanga ndi timitengo ta nsungwi uli chiwongokere. Unakhala choncho miyezi iwiri m'kutentha kwa Mangochi, ine ndikukanda m'kati ndi kaudzu.

Atamasula, kutupa kunali kutatha, ndipo amjomba anazungulira mudzi wonse akudzitama. Koma chigongono chinali chitauma gwa. Ndikachipinda, ululu unkalasa mpaka m'phewa, dzanja n'kuthera m'malere. Ndowa pamutu ankachita kundisenzetsa. Zonsezo ndikanapirira. Chinandipweteka n'chakuti dzanja lamanja silinkafikanso pakamwa, pamene kwathu lamanzere ndi la kuchimbudzi.

Kunyumba amayi ankayang'ana kumbali ndikamadya. Koma kunachitika sadaka ya agogo, mpunga wa nyama ya mbuzi, fungo mudzi wonse. Ndinakhala pamkeka ndi atsikana anzanga, mbale imodzi. Ndinayesa ndi lamanja, khosi kulitambasula ngati nkhuku, mpunga wonse kutayikira pachitenje. Njala itandigonjetsa, ndinapisa lamanzere. Amjomba ankadutsa ndi ketulo ya tiyi. Anandimenya padzanja pomwepo anthu onse akuona.

"Iwe, ulibe mwambo? Wodya ndi lamanzere ndi Shetani!"

Anzanga anaikokera mbale kwawo. Palibe wamkulu ndi mmodzi yemwe amene anafunsa amjomba kuti lamanjalo analiumitsa ndani. Kuyambira tsiku limenelo ndinkadyera ndekha kuseri kwa nyumba, ndipo mpaka pano pa ukwati ndimanama kuti ndadya kale.

Ndili ndi ana awiri kale m'pamene ndinakajambulitsa mkonowu ku boma. Adokotala anayang'ana chithunzicho napukusa mutu. Fupa silinathyoke n'komwe, linangoguluka. Akanalibwezera m'malo mwake tsiku lomwelo, n'kulimanga chopinda masabata ochepa, bwenzi ndikudya ngati munthu aliyense. Ndinatuluka ndi mkwiyo, ndipo sunathebe.

Masiku ano zinthu zinasinthako. Mwana wanga Asiyatu atagwa panjinga chaka chatha, ndinamukweza kabaza kupita naye kuchipatala osapempha chilolezo kwa munthu. Chikhakha chomwe anamumanga anachotsa, mkono ukupinda bwinobwino.

Amjomba akalamba tsopano, maso achita khungu pang'ono, ana awo ali ku Joni. Amakhala pakhonde panga. Za mkonowu sanapepesepo, amangoti Mulungu analemba choncho. M'mawa uliwonse ndimawapatsa tiyi ndi dzanja lamanzere. Ngakhale maso afooka, dzanjalo amaliona bwinobwino, ndipo amalandira.