Bulangete Lofika M'khosi

Azakhali anga anandichenjeza ndisanakwatiwe n'komwe. "Wodwala akakuuza kuti ali bwino, usamve pakamwa. Vundukula bulangete uone wekha." Mau amenewa ndimawakumbukila m'mawa uliwonse muno m'Kabwata, ndikamamanga nsanza pa phazi langa lakumanzele. Pali chilonda cha shuga pamenepo chimene chikukana kupola, ndipo ana anga sanachione. Amaimba foni ali ku Chelstone, mu Lusaka momwemuno, ine n'kuyankha monga tinaleledwela.

Mdzukulu wanga wamkazi amagwila nchito ku bungwe lina ku Kabulonga. Amaphunzitsa a bodi, anthu osankhidwa kuti aziyang'anila zipatala za kumidzi. Tsiku lina anabwela ndi buledi ndi mafuta ophikila. Ndinadziwa kuti pali chimene akufuna, munthu sagula mafuta chabe.

"Ambuya, mukawauze za mng'ono wanu uja."

"Ndikawauze kuti amuukitse?"

"Iyai ambuya, amve chabe. Ise tikakamba amagona."

Ndinavala nsapato yaikulu ya malemu amuna anga kuphazi lodwalalo, n'kutsitsa chitenje mpaka pansi. Ananditengela ku holo ina ku Woodlands. Munali abusa amene anali wapampando, mphunzitsi wopuma nchito, mwini chigayo, ndi mayi mmodzi wachete amene anakhala kumapeto. Chikwama changa sindinachisiye pampando, ndinachifumbata pamiyendo.

Abusa anayamba ndi kudzitama. Anati iwo amayendela chipatala chawo kawilikawili, bedi ndi bedi, ndipo palibe wodwala anadandaulapo.

Ndiye ndinawauza. Mng'ono wanga anamuchita opaleshoni ya m'mimba pa chipatala china cha kwathu kum'mawa. Ine ndinafika kuchokela ku Lusaka m'mawa wa tsiku limene a bodi anali kubwela. Uthenga wa ulendo wawo unali utafika kale. Pansi anapaka polishi, odwala ogona pansi anawasamutsila kuchipinda chakumbuyo, ndipo anatulutsa mabulangete atsopano m'sitolo. Wodwala aliyense anamufunditsa mpaka m'khosi. Ife odikilila odwala anatipitikitsila ku khichini, akuti mapoto athu aipitsa malo. Anzanga anakhala pansi, ine ndinazemba n'kukaima pawindo.

Ndinawaona akuluakuluwo akulowa, manja kumbuyo. Ataima pa bedi la mng'ono wanga mmodzi anati, "Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu abambo."

"Akukusamalani?"

"Kwambili."

Akanati chiyani? Kwathu mlendo sumulandila ndi madandaulo, makamaka wovala jekete. Komanso nesi anali ataima pomwepo, ndipo alendo akapita wotsala naye ndi nesiyo. Alendowo atapita kukadya nkhuku, anchito anabwela kudzatolela mabulangete aja kuti abwelele m'sitolo. M'pamene ndinaona. Bala linali litatseguka, thonje lake la dzana, mafinya atafika pa matilesi. Fungo lake sindidzalifotokoza. Sabata isanathe tinamuika m'manda.

 Mwini chigayo anaseka.

"Nanga amama, mufuna ife tizivundukula akazi a eni? Amuna awo adzatitema!"

"Inu mukagula chimanga m'thumba, mumafunsa thumbalo ngati muli anankafumbwe?" ndinatelo. "Simupisa dzanja?"

"Apo mwagwidwa, achimwene," anatelo mphunzitsi uja, onse n'kuseka. Ine sindinaseke.

Mdzukulu wanga anaimilila n'kuwaphunzitsa zake. Anati azifika osanena, azitenga mayi wa m'bodi kuti ndiye aone odwala aakazi, azicheza ndi odikilila odwala nesi palibe. Onse anagwedeza mitu. Abusa anati mau a ambuyawa awalasa mumtima, ndipo ulendo wotsatila udzakhala wodzidzimutsa. Kenaka anatembenukila kwa mphunzitsi.

"Koma tisankhe tsiku, timudziwitseko mkulu wa manesi. Kungotulukila ngati apolisi si ulemu. Ndiponso adye chiyani anthu?"

Palibe anatsutsa. Ndinayang'ana mdzukulu wanga, iye anayang'ana pansi.

Potuluka, mayi wachete uja ananditsatila mpaka pakhomo. Anali ataona mmene ndimakokela mwendo.

"Amai, phazilo lili bwanji?"

"Lili bwino, mwana wanga."

Mau anatuluka okha, ndisanaganize n'komwe. Anandiyang'ana, anayang'ana nsapato ya mwamuna ija, ndipo ndinaona kuti dzanja lake likufuna kutsika. Koma ulemu unamugwila. Anati, "Chabwino amai, muyende bwino," n'kubwelela kukamwa tiyi. Ndikanakhala iye ndikanagwada n'kukweza chitenje. Akanatelo, mwina ndikanamukalipila, koma akanaona.

Mdzukulu ananditsitsa pageti, injini ikulila, akuthamangila kukatenga ana kusukulu. Sindimuimba mlandu. Koma tsiku lonse anali kuphunzitsa anthu kuyang'ana, ndipo nsapato ija sanaione.

Ku kiliniki ndinapitako kamodzi. Anandifunsa ali kuseli kwa tebulo, n'kundipatsa mapilitsi. Sindiwamwa onse, sindidziwa ngati anali anga kapena a amene anali patsogolo panga pamzele. Chala chachikulu chayamba kuda. Ndimakhala pawindo, katani nditatsegula pang'ono, n'kumaona amene akudutsa.

Inu amene mwawelenga izi, mukadzadutsa ku Kabwata mudzapatuke. Musaimbe foni, ndingakolope m'nyumba n'kufunda bwino. Mudzagogode mwamphamvu, poti ndimachedwa kutsegula ndipo ndidzayamba ndakufunsani kuti ndinu mwana wa yani ndipo mwatumidwa ndi ndani. Mukadzandipatsa moni ndidzati ndili bwino. Musadzandimvele.