Tereza wayambanso kuyamwa

Moni nonse pabanja.

Tatuluka m'chipatala lero! Mwana wanu Tereza wayambanso kuyamwa, mpaka wandiluma ndi nkhama, ine kuseka misozi ili mbwembwembwe. Masiku atatu onsewa ankapuma mofulumira, m'chifuwa mukulira ngati kamluzu, bere osalifuna.

Potsanzikana, anamwino anandionetsa mapu ali pakhoma. Khanda lililonse lobwera ndi chifuwa chimenechi amaliikira kadontho kofiira pamudzi pake. Akuti chaka chilichonse mwera ukayamba, timadontho timachuluka. Pa Msumba pathu pafiira psuu! Anati, "Mwachita bwino kubwera msanga, mayi. Mukawauzenso anzanu."

Ndiye amalume, ubatizo wa Tereza wa Lamulungu uja tiusunthe? Kutchalitchi kudzadzaza makanda, komatu agogo ake asoka kale diresi.