Maso a bambo Semba

Ntchito yojambula ndinaipeza kudzera mwa mlamu wanga. Iye ankameta tsitsi pafupi ndi situdiyo ya a Ngozo ku Nchalo, ndipo atamva kuti akufuna munthu, anangondikankhira kumeneko.

Dzuwa la kwathu kuno silichitira kamera chisoni. Ukajambula munthu ali m'nyumba, kunja kumangoti mbee! Ukafuna kuti kunja kuoneke, munthuyo amada bii. A Ngozo anandiphunzitsa kuimika kamera pa miyendo yake itatu, n'kujambula katatu: chithunzi chakuda, chapakati ndi chowala. Kenako kompyuta imaziphatikiza kukhala chimodzi, zonse n'kuoneka. "Koma pasagwedezeke kanthu, mwamva?" ankatero.

Mwezi wachitatu kunabwera mayi Esinati a ku Chiromo. Bambo awo, a Semba, ankadwala kwambiri ndipo analibe chithunzi ngakhale chimodzi. Mayiwo ankafuna awajambulitse ali m'nyumba, munda wawo wa mapira ukuonekera pakhomo. A Ngozo anatuma ine.

Tinawakhazika pampando, mwana wawo atawaveka jekete. Ndinajambula chakuda, ndinajambula chapakati. Ndisanajambule chowala, chimene chimagwira nkhope mumdima, ndinaona akupuma movutika. Mtima unandipweteka.

"Mwatopa, bambo?"

"Ayi, mwanangu, malizani," anayankha, akutembenukira kwa ine. Ndinadina batani la kamera nthawi yomweyo. Sindinabwereze, ndinkafuna akagone.

Zithunzizo ndinakaziphatikiza ku situdiyo. Nkhope zinatuluka ziwiri, ina yotuwa ikutuluka mwa inzake. Pa chithunzi chowala nkhope inali yopakika. A Ngozo anayang'ana n'kupukusa mutu. "Ichi osaonetsa munthu. Mubwerere Lolemba."

A Semba anamwalira Loweruka.

A Ngozo anakhala tsiku lonse pa kompyuta, kuchotsa nkhope yogwedezekayo n'kusiya ya pa chithunzi chapakati. Anaiwalitsa mmene akanathera, koma m'maso munatsala mdima.

Chithunzicho ndinakachipereka ndekha maliro atatha. Mayi Esinati anachigwira nthawi yaitali. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Munda ndi womwewu. Jekete ndi lawo," anatero. "Nanga maso a bambo ali kuti, achemwali?"

Ndinalira njira yonse ya ku Nchalo.

Mpaka lero ndimajambulabe katatu, ndipo zolankhula zonse ndimamaliza ndisanadine. Koma ndisanaimike n'komwe miyendo itatu ija, ndimayamba ndajambula nkhope yokha, pafupi. Kunja kungoti mbee, zilibe kanthu. Munda umadikira.