Miyendo ya mnzanga

Ku koleji ya aphunzitsi tinali anayi othamanga mpikisano wolandirana kamtengo. Womaliza anali mnzanga wina wa ku Malosa, wamtali ngati nsungwi, wopanda nsapato. Akangolandira kamtengo, ena onse ankatsala akumeza fumbi. Tikapambana tinkapita pa Songani kukatafuna nzimbe, iye n'kumandinena kuti ndimathamanga ngati ndasenza mtolo wa nkhuni. Sankanama.

Titayamba ntchito, iye anasanduka kochi wa mpira. Anyamata a m'chigwa chonse cha Domasi ankamuopa ndi kumukonda, poti ankazungulira nawo bwalo mpaka iwo n'kuyamba kugwa. Anyamata omwewo ndi amene anadzamukweza paphewa, iye nalowa ndale, napita ku nyumba ya malamulo. Kuyambira pamenepo ndinkangomuona pa nsalu za amayi. Ndinamusowa kwambiri, ndipo kusowako kunasanduka mkwiyo.

Chaka chatha mmodzi wa anayife anamwalira. Mnzanga uja anafika pamaliro mochedwa, osatsika n'komwe m'galimoto. Titanyamuka kupita kumanda, amuna tikulandirana bokosi, ndinkangocheuka. Ndinkati akangobwera kudzaika phewa, ndimukhululukira zonse. Koma galimoto inkangotikwawira m'mbuyo, magalasi ali otseka.

Atandilandira ena, ndinabwerera n'kukagogoda pagalasi. Mtima unali utandikwera.

"Olemekezeka, fumbi la kwathu lakuwopsani? Mnzathu uyu simungamunyamuleko?"

Anatsitsa galasi. Nkhope inali itaphwa, tsitsi lonse mbuu. Anangotsegula chitseko kuti ndione. Mwendo umodzi unali wotupa, wokulungidwa nsalu. Winawo unathera m'bondo.

"Ndi shuga, achimwene," anatero. "Sindinafune kuti anthu asiye maliro n'kumayang'ana ine. Chonde, mukandinyamulireko mbali yanga."

Ndinafuna kumuuza kuti zaka zonsezi, ndikadutsa pabwalo la koleji, ndimaima kumuyang'ana pakona paja ankatulukira, malaya ali m'manja.

M'malo mwake ndinathamanga, ukalamba wanga womwewu, kukapeza bokosi lisanalowe kumanda. Mnyamata wina anati, "Agogo, mwanyamula kale inu, pumani."

"Iyi si yanga," ndinatero, n'kuikapo phewa.

Amayi a mvano ankaimba kutsogolo. Anthu ankaona ngati ndikulira amene anali m'bokosi, koma ine ndinkalira miyendo ija.